Chisoso, njuchi ndi nsabwe za m'munda: pozula ndi posiya

Mwezi wa Febuluwale mapiri a Dedza ndi Ntcheu amabiriwira kuchokera ku Bembeke mpaka ku Tsangano, koma kubiriwirako sikuti ndi chakudya cha njuchi. Chimanga chimapereka mungu wokha, chilibe timadzi totsekemera tomwe njuchi zimapangira uchi. Duwa la kachewere lilibenso timadzito, la tomato chimodzimodzi. Kabichi timamudula asanachite maluwa. Mitengo ya paini ya m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni imadalira mphepo pobereka, choncho njuchi ilibe chokatenga kumeneko. Mitengo yachilengedwe monga tsamba ndi mombo imachita maluwa nyengo yake ikakwana, ndipo m'midzi yambiri yatsala yowerengeka. Mukachotsa zonsezi, zomwe zimatsala kuti zidyetse tizilombo touluka mwezi ndi mwezi ndi zomera zomwe khasu limadana nazo, ndipo chachikulu mwa izo ndi chisoso, chomwe ena amati kanzota.

Chisoso si chomera chachikhalire kuno. Kwawo ndi ku America wa kumwera ndi wapakati, koma chinafalikira kalekale m'mayiko onse otentha mpaka kulowa m'miphika yathu. Dzina lake la sayansi ndi Bidens pilosa, ndipo chili m'banja limodzi ndi mpendadzuwa ndi deliya. Chimakhala nyengo imodzi yokha. Tsinde lake mukalipotokola pakati pa zala mumva kuti lili ndi ngodya zinayi. Masamba amatuluka awiriawiri moyang'anana, lililonse logawika patatu kapena pasanu, m'mbali mwake muli manomano. Pa nthaka yachonde, monga pachulu kapena pomwe panali khola, chimatalika kupitirira mita imodzi. Pouma chimachita maluwa chisanafike m'bondo.

Liwiro lake ndi lomwe limapangitsa kuti chikhale chothandiza komanso chovuta. Chikamera ndi mvula yoyamba ya Novembala kapena Disembala, pakatha masabata ngati 6 chayamba maluwa, ndipo pakangopita mwezi wina njere zoyamba zada. Sichichita maluwa kamodzi n'kuleka. Nthambi iliyonse yatsopano imabwera ndi mitu yake, mwakuti pa chomera chimodzi mupeza mphukira, maluwa otseguka ndi njere zokhwima tsiku lomwelo. M'minda ya kumtunda chimauma mvula ikatha kapena chisanu cha Juni ndi Julayi chikachiwamba, koma m'madimba ndi m'mbali mwa mitsinje chimamera chaka chonse.

Duwalo liyang'aneni pafupi

Chomwe timachitcha duwa la chisoso ndi mutu wa timaluwa tambirimbiri. Mutuwo sukula kwenikweni kupitirira sentimita imodzi. Pakati pali timaluwa tachikasu makumi awiri kapena kuposa, kalikonse kooneka ngati kachubu kakafupi, ndipo m'mphepete muli timasamba toyera tinayi kapena tisanu. Mitundu ina ilibiretu toyerato, yangokhala ndi chikasu chokha. Timaluwa tachikasuto sititseguka tonse pamodzi. Timayamba ta m'mphepete, mawa lake tina, kumalowera pakati, choncho mutu umodzi umakhala ndi chakudya kwa masiku angapo.

Kufupika kwa kachubuko n'kofunika kwambiri. Duwa la nyemba kapena la nandolo ndi lotsekeka, limafuna kachilombo kamphamvu kapena ka lilime lalitali kuti kalitsegule. La chisoso aliyense amafikira: njuchi ya mumng'oma, tinjuchi tating'ono tosaluma, njuchi zokhala pazokha zomwe zimaboola timaenje m'nthaka ndi m'mapesi, agulugufe, ntchentche za m'maluwa ndi timavu tating'onoting'ono. Mukaima pambali pa chisoso chamaluwa dzuwa litakwera, mame atauma, muona njuchi zili ndi timipira ta mungu wachikasu chodera kumiyendo yakumbuyo. Mungu umenewo ndiwo chakudya cha ana a njuchi mumng'oma. Timadzi totsekemera ndi mphamvu ya zikuluzikulu. Chisoso chimapereka zonse ziwiri.

Mlimi amene alibe mng'oma asaganize kuti nkhaniyi ndi ya alimi a njuchi okha. Maungu ali ndi duwa lachimuna palokha ndi lachikazi palokha, ndipo limatseguka m'mawa umodzi basi. Njuchi ikapanda kufika m'mawa umenewo, kadzungu kamachita chikasu n'kugwa. Nkhaka, mpendadzuwa, mapeyala ndi mapichesi nazonso zimabereka bwino kukakhala tizilombo tonyamula mungu. Koma maluwa a mbewu zimenezi amakhala masabata ochepa, pamene njuchi iyenera kudya chaka chonse. Imene idzabereketse maungu anu mu Febuluwale ndi yomwe inapeza chakudya mu Disembala ndi Januwale.

Adani a nsabwe amadyera pomwepo

Gawo lomwe alimi ambiri saliona ndi la tizilombo todya tinzawo. Pali kantchentche kokhala ndi mizere yachikasu ndi yakuda ngati mavu, kamene kamaima m'malere malo amodzi mapiko akunjenjemera, kenako n'kuthamangira pambali mwadzidzidzi. Sikaluma. Kachikazi sikangakhwimitse mazira kasanadye mungu, ndipo kamwa lake ndi lalifupi, ndiye kamafuna maluwa osazama onga a chisoso. Kakakhuta kamapita kukaikira mazira pakati pa nsabwe za nyemba, za kabichi kapena za mpiru. Mphutsi yake ilibe miyendo, ndi yobiriwira motuwira, yosongoka kumutu, yotalika pafupifupi sentimita imodzi. Imagwira nsabwe, kuiyimika m'mwamba, kuiyamwa n'kutaya chikhungwa. Mphutsi imodzi imatha nsabwe mazana angapo isanasanduke. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri akaipeza kunsi kwa tsamba amayesa ndi mbozi yowononga n'kuthamangira sipuleya.

Kachikumbu kofiira kapena kachikasu ka madontho akuda, kozungulira ngati theka la nsawawa, nakonso kamadya nsabwe makumi angapo patsiku, ndipo ana ake, akuda okhala ndi timawanga, amadya koposa. Nsabwe zikasowa, mitundu yambiri ya tizikumbuti imapulumukira pa mungu. Palinso kachilombo kakuda ka mapiko oyererako, kosapitirira mamilimita 3, ka mtundu wotchedwa Orius, kamene kamabisala m'mitu ya maluwa a chisoso n'kumadya tizilombo totchedwa thrips pamodzi ndi mazira a agulugufe owononga. Timavu tating'ono, tina tochepa kuposa nyerere, timaikira mazira m'thupi la nsabwe kapena m'mazira ndi m'mbozi za ntchemberezandonda. Tikamwa timadzi ta m'maluwa timakhala moyo masiku ochulukirapo ndipo timaikira mazira ambiri. Umboni wa ntchito yawo mungauone nokha: tembenuzani tsamba la kabichi lomwe lili ndi nsabwe, mupezapo zina zotupa, zouma, zofiirira ngati udzu wofolera, zina zili ndi kabowo kozungulira kumsana. Pabowopo ndi pomwe panatulukira kamavu katsopano. Tsamba lokhala ndi nsabwe zotere zambiri silifunika mankhwala, nkhondoyo yatsala pang'ono kutha.

Pomwe pasonkhana tizilombo, odya tizilombo amabweranso. Kangaude woyera kapena wachikasu amakhala duu pamutu wa duwa, miyendo yakutsogolo ili yotambasula, kudikira ntchentche. Chiswamphika, bilimankhwe, abuluzi ndi achule amasaka m'munsimo. Timba ndi mbalame zina zing'onozing'ono zimatola mbozi, ndipo zodya njere za mtundu wa mpheta zimatera pa nthambi kudya njere zisanaumitse. Nkhuku zimajompha masamba anthete, ndipo oweta akalulu ndi mbira amadziwa kuti chisoso ndi msipu wabwino, makamaka chikafota pang'ono ndi kusakanizidwa ndi udzu wina.

Njere ndi oyenda nazo

Chisoso sichidalira mphepo pofalitsa mbewu, chimakwera nyama. Njere yake ndi yakuda, yowonda, yotalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kunsonga kuli timinga tiwiri, titatu kapena tinayi. Kaminga kalikonse kali ndi timano toyang'ana kumbuyo, n'chifukwa chake njere imalowa mosavuta m'chitenje, m'sokosi, mu ubweya wa galu, wa mbuzi ndi wa nkhosa, kapena kumchira wa ng'ombe, koma kutuluka imakana. Mbuzi zikamasulidwa m'minda anthu atakolola, zimatola njere uku n'kukazigwetsa kukhola. Manyowa a kukhola kuja akapita kumunda osaola bwino, chisoso chimapita nawo.

Chomera chimodzi chokula bwino chimabala njere 3,000 mpaka 6,000, ndipo zina zimakhala zamoyo m'nthaka zaka 3 mpaka 5. Mutu umodzi umatulutsa njere za mitundu iwiri. Zapakati ndi zazitali, zimamera msanga zikangolawa chinyezi. Zam'mphepete ndi zazifupi, zimagona n'kudzamera mochedwa. Apa ndi pamene pamachokera dandaulo lakuti ndapalira dzana lomweli koma chameranso: chomwe chamera si chomwe munazula, ndi gulu lina la njere. Njerezi zimamera bwino zikakhala pamwamba penipeni pomwe kuwala kukufika. Zokwiririka mozama, cha m'ma sentimita 10, sizitulukira. Choncho nthawi iliyonse khasu likatembenuza dothi limakwirira zina koma limadzutsanso zina zomwe zinagona pansi. Kuphimbira nthaka ndi mapesi kapena udzu wochindikala kumachepetsa chisoso kwambiri chifukwa kumatchinga kuwalako.

Kuipa kwake n'kwenikweni

Tisachikometsere. Chisoso chimakula msanga kuposa nyemba, soya ndi mtedza, ndipo chimalanda madzi, kuwala ndi feteleza yemwe mwagula modula. Masabata 6 oyambirira mbewu itamera ndiwo amaweruza zokolola, ndipo m'nthawi imeneyo chisoso chisapezeke pamzere kapena m'khwawa. Kupalira koyamba kuchitike pakatha masabata awiri kapena atatu, kwachiwiri kapena kubandira cha m'sabata lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi. Mizu ndi masamba ake owola zimatulutsanso mankhwala achilengedwe omwe amafooketsa kamera ka mbewu zina, ndiye si nzeru kukwirira chisoso chambiri chachiwisi m'bedi lero n'kufesapo mawa. Dikirani masabata awiri kapena atatu chiwole.

Choopsa kwambiri kwa alimi a tomato, tsabola ndi kachewere, amene ndi ambiri kuyambira ku Lizulu mpaka ku Tsangano, ndi matenda. Chisoso chimasunga vairasi yomwe imachititsa masamba a tomato kudera ngati mkuwa, mtengo kupinimbira, ndi zipatso kukhala ndi mizere yozungulira yachikasu. Vairasiyi imayenda ndi thrips, tizilombo towonda ta milimita imodzi kapena awiri tomwe timabisala m'maluwa. Kachilomboka kamatenga vairasi kakadali kamwana, poyamwa chomera chodwala, ndipo kakamera mapiko kamakaipatsira kwina moyo wake wonse. Chisoso chomwe chili ndi vairasiyi nthawi zina sichioneka chodwala n'komwe. Cholakwika chofala n'chakuti mlimi amaokera tomato kaye, kenako n'kutchetcha tchire la m'mbali. Tizilombo tonse tomwe tinali m'tchiremo timasowa pokhala n'kusamukira pa mbande zanthete. Lambulani m'mbali masabata awiri kapena atatu musanafese nazale kapena kuokera, kuti tizilomboto tibalalike mbewu isanafike. Nazale ikhale ndi malo oyera mamita 5 mpaka 10 mbali zonse. Izi sizitsekereza matenda kotheratu poti thrips amatengedwa ndi mphepo, koma zimachepetsa. Nsabwe ndi ntchentche zoyera nazonso zimaswana pa chisoso.

Pansi pa nthaka pali vuto lina. Mitundu ina ya nematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timatupitsa mizu ya tomato, kaloti ndi fodya, imakhalanso m'mizu ya chisoso. Munda womwe mwaugoneka kuti nematodi afe ndi njala, koma mwadzaza chisoso, sunagone konse. Muli mwayi pamenepa: zulani zisoso zingapo m'malo osiyanasiyana a dimba, tsukani mizu, muiyang'ane. Mukaona timfundo totupa, dziwani kuti nthakayo ili ndi nematodi, ndipo mubzalemo chimanga kapena anyezi m'malo mwa tomato. Musasokoneze ndi timaungu ta pamizu ya nyemba tomwe timaonjezera chonde. Timeneto timathothoka mukatikhudza ndi chala ndipo m'kati mwake ndi mofiirira, pamene chotupa cha nematodi ndi muzu weniweniwo womwe wafufuma. Chisoso chilibe timaungu ta chonde, ndiye chotupa chilichonse pamizu yake ndi chizindikiro choipa.

Kasamalidwe kake

Funso siloti chisoso chikhale kapena chithe, poti sichingathe. Funso ndi loti chikhale pati, ndipo chidulidwe liti. Malo ake ndi m'malire a munda, m'mbali mwa mzere wa vetiva, pa milambala, pansi pa mitengo ya zipatso, kuseri kwa khola ndi pafupi ndi ming'oma. Mpata wa theka la mita mpaka mita imodzi m'lifupi ndi wokwanira m'mbali mwa chimanga, nyemba, kabichi kapena maungu. Chisakhale chokha. Chikasakanikirana ndi bonongwe, denje, luni ndi zitsamba zina zamaluwa, tizilombo tothandiza timakhala ta mitundu yambiri ndipo maluwa sasowa. M'mbali mwa tomato, tsabola ndi kachewere wambewu, ife tingalangize kuti musachisiye.

Nthawi yodula ndi pamene mitu yoyamba yafota chikasu n'kutseka, njere zili zobiriwira m'kati. Mukadikira mpaka mutu utatambasuka ngati nyenyezi yakuda, mwachedwa, ndipo chikwakwa chidzangofesa. Dulani pamwamba, kusiya chitsa cha masentimita 15 mpaka 20 chokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, kuti chiphukenso n'kubweretsa maluwa ena. Musadule mpata wonse tsiku limodzi. Tchetchani theka lero, theka linalo pakatha masabata awiri. Mukatero tizilombo tothandiza timangosuntha pang'ono, ndipo maluwa amakhalapo nthawi zonse. Kudula kotere kumathandizanso kuti mpatawo usasanduke tchire lowirira lobisa mbewa ndi njoka pafupi ndi nyumba.

Zodulazo musazisiye pomwepo ngati zili ndi mitu yotseka, chifukwa njere zimapitiriza kukhwima pa tsinde lodulidwa. Patsani ziweto zikadali zaziwisi, kapena ziikeni pakati penipeni pa mulu wa kompositi. Njere zimafa mulu ukatentha kufika madigiri 55 mpaka 60 kwa masiku angapo, kutentha komwe ndodo yozikidwa pakati imatuluka yosagwirika bwino. M'mbali mwa mulu simutentha chotero, choncho tembenuzani kuti zakunja zilowe m'kati. Mulu wouma kapena waung'ono kwambiri sutentha, umangosunga njere.

Pabwalo la kapinga, pakhomo, pasukulu kapena patchalitchi, chisoso chimamera pomwe kapinga wadazika, chifukwa mpamene kuwala kumafika panthaka. Kutchetcha mometa kumaonjezera madazi otero, ndipo chisoso chometedwa kawirikawiri chimaphunzira kukwawa n'kuchita maluwa chili chachifupi kuposa mpeni wa makina. Siyani kapinga atalike masentimita 5 mpaka 7, zulani chisoso ndi manja nthaka ili yonyowa poti mizu yake siizama, ndipo bzalani kapinga wina padazipo. Mukasiya kangodya kamodzi kumpanda kuti kachite maluwa, bwalo silioneka losasamalika koma agulugufe apeza potera.

Pa za mankhwala m'pamene zambiri zimaonongekera. Cypermethrin ndi dimethoate sasankha, amapha nsabwe pamodzi ndi njuchi, timavu ndi tizikumbu tonse tija. Nsabwe zimaswana msanga kuposa adani ake, pakuti yaikazi imabala ana amoyo popanda yaimuna ndipo anawo amayambanso kubala pakangotha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye mukapopera mosasamala nsabwe zimabwerera zambiri kuposa kale, adani ake asanachire. Ngati kupopera kuli kosapeweka, poperani madzulo dzuwa likulowa, mphepo itadekha, ndipo musaloze sipuleya ku mpata wamaluwa. Chisoso chamaluwa chikakhala m'kati mwa mbewu yomwe mukufuna kupopera, chizuleni kaye, apo ayi mwatchera njuchi msampha. Zotsala m'sipuleya musakazikhuthulire m'malire.

Chisoso chenichenicho chinayesedwapo ngati mankhwala. Ofufuza a ku Bunda, pa sukulu ya LUANAR, pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi ku Britain anayesa madzi a masamba a zomera zisanu ndi chimodzi pa nyemba, khobwe ndi nandolo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Chisoso chinali m'gululo, ngakhale zomwe zinaonetsa mphamvu kwambiri zinali ombwe, deliya ndi chanzi. Chosangalatsa n'chakuti madzi a zomerazi sanaononge tizilombo tothandiza ngati mmene amachitira mankhwala a m'sitolo. Kapangidwe kake ndi kofanana pa zomera zonsezi. Umitsani masamba pamthunzi, osati padzuwa, muwasinje. Viikani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi usiku ndi usana umodzi, musungunuliremo sopo pang'ono, pafupifupi magalamu 10, kuti mankhwala atuluke bwino ndi kumata patsamba. Sefani ndi nsalu kawiri kuti sipuleya isatseke. Poperani madzulo, kunsi kwa masamba komwe nsabwe zimakhala, ndipo mubwereze sabata iliyonse popeza mphamvu yake imatha msanga ndi dzuwa. Kusaviika nthawi yokwanira, kuiwala sopo ndi kuyamba mochedwa nsabwe zitapiringiza kale masamba ndi zomwe zimachititsa ambiri kunena kuti njirayi siigwira.

Kuthyola ndiwo nakonso ndi njira yosamalira mpatawo. Mukatsina nsonga zanthete, masamba anayi kapena asanu ndi limodzi apamwamba, chomera chimachita nthambi zambiri ndipo chimachedwa kubala njere. Masamba ake ali ndi vitamini A, ayironi ndi kashiamu, ndipo amakoma potendera nsinjiro kapena kuwafutsa kuti adikire chilimwe. Akakula fungo limakula ndipo amawawira, n'chifukwa chake amayi ena amataya madzi oyamba. Gawani mpatawo, mbali ina ya mphika, mbali ina ya maluwa, chifukwa chomera chomwe chikutsinidwa sabata ndi sabata sichidyetsa njuchi. Samalani ndi komwe mukuthyola. Chisoso chimakoka zitsulo zapoizoni monga cadmium m'nthaka n'kuzisunga m'masamba, choncho cha kudzala komwe kumatayidwa mabatire, cha m'mbali mwa galaja ndi cha m'ngalande za mumsewu wa M1 si cha mumphika kapena cha akalulu. Chomwe chamera m'dimba lopoperedwa chili ndi mankhwala ofanana ndi omwe ali pa tomato, ndipo masiku odikira olembedwa pa botolo amachikhudzanso.